Mdadada wa zitseko 6 kapena nyumba 4 za chilichonse mkati?

Mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Ali ndi puloti ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ndalama zake zingakwane mdadada wa zitseko 6 wa chimbudzi chimodzi, kapena nyumba 4 za bafa ndi chimbudzi mkati. Akufunsa kuti amange chiti.

Mayi, ine ndakhalapo pa lendi ku Ndirande zaka zingapo, ndipo sindinaonepo anthu akuyambana chifukwa chipinda chachepa. Ndewu imabuka pamene zanga zathera ndi pamene za tonse zayambira.

Yambani ndi khoma lapakati. Alandilodi ambiri amalisiya lisanafike kudenga pofuna kupulumutsa njerwa. Mnzako akakhosomola umamva. Banja likanong'onezana za ngongole usiku, m'mawa nkhani ili kale pampopi. Kumene ndinkakhalako, wailesi ya aneba inkandidzutsa tambala asanalire, mpaka ndinaloweza nyimbo za mpingo umene si wanga. Kwezani khomalo ligunde malata, muikenso siling'i.

Kenako khonde. Munthu wa chipinda chimodzi moyo wake uli panja: mbaula, mbale, alendo, zonse ndi pakhomo. Khonde likakhala limodzi lalitali, wina amadutsa pamphika wa mnzake ndi kuona kuti lero ndi bonya. Kakhoma kofika m'chiuno pakati pa zitseko kamathetsa zimenezi, koma anthu n'kumaonanabe nkhope, n'kupatsana moni.

Magetsi musawaphatikize. Mita ya ESCOM ikakhala imodzi, mayunitsi akatha aliyense amaloza chala amene ali ndi hotipuleti. Khomo lililonse likhale ndi kamita kake.

Koma musatchinge chilichonse. Bwalo, chingwe choyanikira ndi mpopi zikhale za onse. Apo ndi pamene ana amasewera akuyang'aniridwa ndi maso ambiri, ndipo mvula ikayamba inu muli kuntchito amapezeka wokuanulirani zovala.

Pa chimbudzi ndiye ndikana zonse ziwiri. Chimodzi pa mabanja 6 n'chopanda mwini, ndipo ndandanda wokolopa sumatha sabata ziwiri. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, musaiwale. Cha madzi m'nyumba iliyonse nachonso chimafuna thanki ya zonyansa, chimakweza lendi kupitirira matumba a anthu amene mukufuna kuwasunga, ndipo madzi akasiya masiku awiri fungo limakhala nawo kuchipinda.

Ndikanakhala ine ndikanamanga zitseko 5. Ndalama za chachisanu ndi chimodzi zipite ku zimbudzi ndi mabafa atatu kuseri, mabanja awiri chawo ndi kiyi wawo, chotsalacho cha khomo lakumapeto lomwe lendi yake ingakwereko pang'ono. Ndipo poti muli kutali, uzani womanga akutumizireni chithunzi cha khoma lapakati pa WhatsApp asanakhome malata.