Mpunga wamira, bambo ali pamphasa: ndi mayesero kapena chilango?

Mayi wina wa ku Lifuwu, ku Salima, watumiza funso pa imelo. Madzi anamiza mpunga wawo wonse, ndipo amuna awo akudwala mwezi wachitatu tsopano. Mkulu wa mpingo akuti ndi mayesero, koma amayi ena a Mvano akunong'onezana kuti pakhomopo pali tchimo lobisika. Akufunsa kuti adziwe bwanji chenicheni.

Mayi, pepani. Tiyambe ndi onong'onawo. Pa Yohane 9:1-3 ophunzira anafunsa ngati munthu wobadwa wosaona anachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anangokhala naye chete. Atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufufuza machimo, Mulungu anawakwiyira (Yobu 42:7). Ngati pali tchimo limene mukulidziwa, litchuleni ndi dzina lake, lapani, konzani ndi amene munamulakwira. Ngati mwadzifufuza moona mtima osapeza kanthu, musapeke tchimo kuti anthu akhale chete.

Chimene chimasokoneza n'chakuti mawu akuti kuyesa ali pawiri, m'Chichewa ngakhalenso m'Chigiriki cha Chipangano Chatsopano. Mulungu anayesa Abrahamu (Genesis 22:1), koma Yakobo 1:13 akuti Mulungu sakokera munthu ku choipa. Vuto limodzi lomwelo limakhala ndi mayeso ndi nyambo yomwe. Matenda a bambo ndi mayeso. Liwu lokuuzani kuti mukaombeze, kapena kuti muloze chala apongozi anu kuti ndi afiti, ndiye nyamboyo.

Inu mumalima mpunga, ndiye Luka 22:31-32 simungavutike nayo. Yesu anauza Petro kuti Satana wapempha kuti awapete ngati tirigu. Sananene kuti waletsa kupetako. Anati wamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisathe. Pa lichero zonse zimaponyedwa m'mwamba, mpunga ndi mankhusu omwe, koma chobwerera ndi cholemera chokha. Usiku umene Petro anakana Yesu, chimene chinauluka mwa iye ndi kudzitama kuti iye sangathawe. Mwa ife kawirikawiri chimauluka ndi chiganizo chakuti poti timapereka chakhumi, Mulungu ali nafe ngongole ya zokolola. Chikauluka chimenecho munthu amaona ngati chikhulupiriro chatha, pamene apita ndi mankhusu. Golide wa pa 1 Petro 1:7 ndi chimodzimodzi: amasungunuka pa madigiri 1,064, zonyansa n'kuyandama pamwamba, wosula n'kuziwengula.

Tsono zochita. Bambo apitirize kumwa mankhwala a kuchipatala monga mwa malangizo. Aliyense wokuuzani kuti kumwa mankhwala n'kusakhulupirira akukuikani pangozi. Musagule madzi kapena mafuta odzozedwa ndi ndalama ya ufa. Katapila mpeweni, chifukwa amasandutsa vuto la chaka chimodzi kukhala la zaka zingapo. Kambiranani kaye ndi a banki m'khonde yanu za kubweza pang'onopang'ono. Kumlaga musasiye kupita ngakhale kuli miseche. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, mumuuze zosowa zanu mosazungulira: ufa, ndalama yoyendera, wokudikirirani wodwala tsiku limodzi. Popemphera, kudandaula n'kololedwa. Salimo 13 likufunsa kanayi kuti mpaka liti, ndipo lili m'Baibulo.

Za tsiku lomwe zidzathe, palibe mneneri angakupatseni. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, n'kudzaima pamaso pa Farao ali ndi 30. Chimene mungachione panopa n'chakuti mukadali kupemphera, ngakhale mokwiya, ndipo kwa woombeza simunapite. Amayi a Mvanowo akabweranso ndi nkhani ya tchimo, muwawerengere Yobu 2:13, kenaka muwapemphe akuthandizeni kutunga madzi.