Girinipepa woika mpunga ndi nyama m'kati: bwanji mpunga sukupsa?

Amayi ena anditumizira imelo yodandaula za girinipepa wawo. Akuti anadula tsabola wosawawayu pamwamba, anachotsa njere, anasakaniza mpunga wosaphika ndi nyama yogaya yaiwisi n'kupakira m'kati mpaka kudzaza, kenako anaika mu uvuni kwa mphindi 40. Potulutsa anapeza pamwamba papserera, mpunga uli lakatalakata m'mano ngati mchenga, pansi pa mbale pali madzi okhaokha. Funso lawo n'lakuti: awonjezere moto kapena awonjezere nthawi?

Mayi, moto musaukhudze. Mukawonjezera moto mupsereza pamwamba pokha, m'kati mukhala momwemo. Vuto lagona poti mwaika pamodzi zinthu zitatu zimene sizipsa nthawi imodzi. Nyama yogaya mu felempani imapsa pa mphindi 10 zokha. Tsabola amafuna mphindi 40 kapena kuposerapo kuti afewe mpaka kudulika ndi foloko. Koma mpunga suwerengera mphindi, umafuna madzi. Kapu imodzi ya mpunga imamwa pafupifupi makapu awiri a madzi kuti ipse, ndiye m'kati mwa tsabola wanu madzi amenewo achokera kuti? N'zoona kuti tsabolayu ndi madzi pafupifupi yense, oposa 90 peresenti, koma amawatulutsa mochedwa, ndipo ambiri amatsetsereka kukagwera m'mbale. Ndi madzi omwe aja munawapeza pansi. Anatuluka ndithu, kungoti mpunga sanaupeze.

Njira imene ndikukulimbikitsani, makamaka poti mukuyamba kumene, ndi yoti zoika m'katizo zipsiretu musanazipakire. Pa tsabola 6 wamkulu bwino mufunika theka la kilogalamu ya nyama yogaya, theka la kapu ya mpunga wosaphika, anyezi mmodzi wamkulu, adyo pang'ono, ndi tomato anayi kapena asanu. Mpungawo ungaoneke wochepa koma ukapsa umafufuma pafupifupi katatu. Uphikeni paokha m'madzi a mchere ndipo muuphule kutatsala mphindi zisanu kuti upse, uzikamalizira mu uvuni. Mukaupsetsa kwambiri udzasanduka phala.

Kazingani anyezi mpaka afewe, muikemo nyama. Apa ambiri amafulumira. Nyamayo isiyeni ikhale pansi pa felempani kwa mphindi zingapo osaitakasa, madzi ake aphwe, iyambe kumata pang'ono ndi kusintha mtundu kukhala yoderako. Kukoma konse kwa chakudyachi kumachokera pamenepo. Nyama imene yangotuwa chifukwa cha nthunzi ilibe kakomedwe, ngakhale muithire zokometsera zochuluka bwanji. Kenako adyo, theka la tomato uja wodulidwa timagawo ting'onoting'ono, mchere ndi zokometsera zimene mumakonda. Zikawira pang'ono, thiranimo mpunga ndi kusakaniza. Zikhale zonyowa moti mukazitapa ndi supuni zizigwirana, koma msuzi usamadonthe.

Ndiye lawani. Ubwino waukulu wa njira imeneyi ndi umenewu: nyama yaiwisi simungailawe, mumangothira mchere mongoganizira. Zoika m'katizo mchere wake umveke bwinobwino, kuposa mmene mukanathirira mukanati muzidya zokha, chifukwa pakudya supuni iliyonse idzapita limodzi ndi khungu lokhuthala la tsabola lomwe lilibe mchere.

Tsabolayonso mumuyambitse yekha. Mukachotsa njere ndi timinofu toyera ta m'kati tija, mupakeni mafuta pang'ono, muwaze mchere m'kati, mumuike chozondotsa m'mbale n'kulowetsa mu uvuni wotentha madigiri 190 a Celsius kwa mphindi 15. Mukatulutsa muona timadzi tatuluka, titayeni. Ena amamuviika m'madzi owira kwa mphindi zitatu. Zimathekanso, koma ine sindizikonda, chifukwa tsabola wowiritsa amatuluka wozizira m'kamwa, fungo lake lina latsala m'madzi.

Popakira musatsindire ndi supuni. Mukatsindira mudzadula chibuma cholimba. Tomato wotsala uja mupereni kapena mumuphike kamsuzi, muthire pansi pa mbale, mukhazikepo tsabola moyandikana kuti azitsamirana. Vindikirani ndi foyilo, mphindi 25 mpaka 30. Chotsani foyilo, waziranipo tchizi ngati mukufuna, mubwezere mphindi 10 kuti pamwamba pafiire. Mukatulutsa dikirani mphindi zina 10 musanagawe, msuzi ukhazikike.

Tsono ndisakunamizeni kuti mpunga wosaphika n'kulakwitsa. Maiko amene amadziwika ndi chakudya chimenechi ambiri amaika mpunga wauwisi kapena wongokazinga pang'ono. Ku Greece chimatchedwa gemista, ndipo amachiwotcha mu uvuni kupitirira ola, ndi tomato wambiri, mafuta a olivi ndi mbatatesi m'mphepete. Ku Turkey kuli biber dolması, ku Hungary kuli töltött paprika, ndipo konseko kawirikawiri amaphika mu poto wovindikira, tsabola atakhala m'msuzi. Onsewa amachita zinthu ziwiri zimene inu simunachite. Amasiya mpata, sadzaza mpaka pakamwa, kuti mpunga upeze pofufumira. Ndipo amaonetsetsa kuti pali msuzi ndi chivindikiro, nthunzi isathawe.

Mukafuna kuyesa njira imeneyi, ndipo ndi yabwino kwa amene alibe uvuni, pakirani magawo atatu mwa anayi a tsabola aliyense, mubwezere kachipewa kake kamene munadula kaja, muwaimike mu poto wokhuthala pansi mothinana kuti asagwe. Thirani msuzi wa tomato wowonjezera madzi mpaka ufike pakati pa tsabola. Moto ukhale wochepa, msuzi uzingoti phwa phwa, kwa mphindi 45 mpaka ola. Mpunga wophikidwa chonchi umakoma kuposa wa njira yoyamba ija, chifukwa wamwa msuzi wa nyama ndi wa tsabola m'malo mwa madzi wamba. Koma umafuna kuleza mtima, ndipo poti nyama imalowa yaiwisi muyenera kutsimikiza kuti yapsa mpaka pakati. Nyama ya ng'ombe yogaya imafunika kufika madigiri 71, yankhuku 74. Ngati mulibe choyezera, dulani tsabola mmodzi pakati muone ndi maso, mulawenso mpunga wa pakatikati penipeni, chifukwa ndi umene umachedwa kupsa.

Zikadzakuchitikiraninso, kutulutsa n'kupeza mpunga sunapse, musataye. Thirani masupuni awiri kapena atatu a madzi otentha kapena msuzi m'tsabola aliyense, ena pang'ono pansi pa mbale, vindikirani mwamphamvu ndi foyilo, mubwezere mphindi 20.

Za mtundu wa tsabola simunafunse koma ndinenako. Wobiriwira ndi wofiira nthawi zambiri ndi mbewu imodzi, wobiriwirayo amangothyoledwa asanapse. N'chifukwa chake amawawirako pang'ono ndipo amakhala wolimba, pomwe wofiira amatsekemera, amafewa msanga, ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Ngati pakhomo pali ana amene amangodya zam'kati n'kusiya khungu m'mbale, yesani wofiira kapena wachikasu. Posankha muyang'ane pansi pake, wokhala ndi timapazi tinayi amaima yekha bwino. Nkhani imene imazungulira pa intaneti yakuti wa timapazi tinayi ndi wamkazi, wa titatu ndi wamwamuna, ndi bodza. Ngati mwapeza wopindikapindika amene sangaime, mumudule chamlitali kukhala mbali ziwiri n'kuzigoneka chagada. Amapsa msanga, ndipo pamwamba pofiira paja pamachuluka.

Wotsala musamusiye patebulo usiku wonse. Mpunga wophika umatha kukhala ndi tizilombo totchedwa Bacillus cereus tomwe sitifa tonse pophika, ndipo timachulukana chakudya chikakhalitsa chili chofunda. Pasanathe maola awiri alowe mufiriji, ndipo mumudye pasanathe masiku atatu. Potenthetsa mumudule pakati kaye, chifukwa wathunthu amatentha kunja kokha pakati pakadali pozizira.