Kucheza ndi woimba pa podikasiti: nyimbo ndi yayani, ndipo mawu a mlendo amagwera ndani?

Achimwene, mwalemba kuti muli ndi podikasiti yomwe mumacheza ndi oimba za ntchito yawo ndi zimbale zawo. M'gawo lina mudaika nyimbo ziwiri za m'chimbale choyamba cha mlendo wanu, iye atavomera pamaso panu. Pa kuchezako adanenanso kuti prodyusa yemwe adajambula chimbalecho adam'dyera ndalama. Tsopano YouTube yachotsa gawolo, ndipo loya wa prodyusayo wakulemberani kalata yofuna chipepeso. Mukufunsa ngati chilolezo cha woimbayo sichikutetezani.

Sichikutetezani mokwanira, ndipo pa nkhani ya kuipitsa mbiri sichikutetezani n'komwe.

Lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989, limaona umwini wa magulu angapo m'nyimbo imodzi yojambulidwa. Pali wopeka mawu ndi maimbidwe ake. Pali oimba ndi oliza zida omwe akumveka m'nyimboyo. Palinso mwini wa chojambulidwacho, chomwe a m'situdiyo amachitcha master, ndipo kawirikawiri ameneyu ndi amene adakonza ndi kulipirira ntchito yojambula. Oimba ambiri kuno adajambula chimbale choyamba alibe ndalama. Wina adalipira situdiyo, nkutenga master, iwo nkulandira kangachepe. Choncho mlendo wanu akhoza kukhala mwini wa mawu a nyimbo koma osakhala mwini wa zomwe inu mudaseweretsa. Munthu sangabwereketse njinga yomwe adagulitsa kale. Umwiniwu sudalira kulembetsa kulikonse, umabadwa nthawi yomwe ntchito yapangidwa, ndipo wa wopeka umakhalapo moyo wake wonse kuwonjezerapo zaka 50 atamwalira.

Ndiye funso loyamba lipite kwa woimbayo: adasainirana chiyani ndi prodyusa? Pemphani kope la mgwirizanowo. Ngati palibe chomwe chidalembedwa, pakufunika malisiti a ku situdiyo, mauthenga awo, ndi mboni zodziwa yemwe adalipira. Pemphaninso loya wa prodyusayo, mwaulemu komanso m'kalata, kuti aonetse umboni wa umwini womwe akunena. Wodandaula ndiye ayenera kutsimikiza kuti chinthucho ndi chake.

Anzanu mwina akuuzani kuti ukaseweretsa masekondi osapitirira 30 palibe mlandu. Lamulo lotero kulibe, kuno ngakhale ku America. Nayo fair use yomwe imatchuka pa intaneti, yolola kugwiritsa ntchito za wina popanda chilolezo pa zifukwa zina, ndi mfundo ya malamulo a ku America. Lamulo lathu limalola kutengako kachigawo kakafupi ka ntchito yomwe idatuluka kale, pamlingo woyenera cholinga chanu, mutatchula mwini wake ndi komwe mwakatenga. Kuika kavesi kamodzi kuti mukambirane momwe gitala adaimbidwira kungatetezeke. Nyimbo ziwiri zathunthu ayi, chifukwa womvera wapeza nyimboyo kwa inu osagula.

Za YouTube, yang'anani kaye mu YouTube Studio kuti mudziwe chomwe chachitika, poti pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Content ID claim imabwera makina a YouTube akazindikira nyimbo ya mwini wake m'gawo lanu. Imeneyi siika chilango pa tchanelo, ndipo nthawi zambiri mukhoza kudula kapena kuzimitsa mawu pamalo pomwe pali nyimboyo gawo nkubwerera. Koma ngati mwini walemba yekha dandaulo loti gawolo lichotsedwe, mwalandira copyright strike. Imatha pakadutsa masiku 90 mukachita kaphunziro komwe YouTube imapereka, ndipo zikakwana zitatu tchanelo chimatsekedwa. Pali batani la counter notification, lotsutsira dandaulolo, ndipo ndikukupemphani kuti musalithamangire. Mukalidina mukulumbira kuti gawolo lidachotsedwa molakwika, mukuvomera kuzengedwa m'khoti la ku America, ndipo dzina ndi keyala yanu zimaperekedwa kwa wodandaulayo, yemwe amakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito kuti aonetse kuti wakasuma. Pomwe simukudziwa mwini wa master, kulumbira kotero ndi kudziika pamoto. Njira yachidule ndi kukambirana naye kuti abweze yekha dandaulo lake inu mutachotsa nyimbozo.

Komabe chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri si nyimbo. Ndi mawu aja oti prodyusa adadya ndalama. Pa malamulo a kuipitsa mbiri, wofalitsa mawu amayankha mlandu ngati wowalankhula. Inu ndinu mudajambula, kukonza ndi kutulutsa gawolo, ndipo mudali ndi mpata wodula mawuwo. Kunena kuti ndidangofunsa funso sikuthandiza m'khoti. Zoona zake n'zakuti mu Julaye 2025 Bwalo Lalikulu la Milandu lidagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wa kupolisi, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma chigamulocho sichidatseke khomo loti munthu akusumireni kufuna chipepeso.

Chitetezo chachikulu ndi choonadi, ndipo katundu wotsimikiza kuti mawuwo ndi oona ali pa inu osumiridwa. Prodyusa sayenera kutsimikiza kuti sadabe. Ndiye mufunseni mlendo wanu mosapsatira: ali ndi mapepala oonetsa makope omwe adagulitsidwa ndi ndalama zomwe adalonjezedwa? Adzabwera kudzachitira umboni? Oimba ena amalimba mtima pa maikolofoni, koma masamoni akatuluka foni yawo siipezekanso. Kusiyana kwa mawu kulinso ndi ntchito. Akadati sadakhutire ndi zomwe adalandira, amenewo ndi maganizo ake pa zomwe zidachitika. Kunena kuti wina adam'dyera ndalama ndi kum'nenera kuba.

Kalata ya loyayo musaisiye pa tebulo. Yankhani masiku omwe aikamo asanathe, koma musavomere kulakwa kapena kutchula ndalama musanaonane ndi loya wanu atawerenga mapepala onse. Ngati mulibe ndalama za loya, kafunseni ku Legal Aid Bureau ngati mukuyenera thandizo lawo. Pakadali pano chotsani gawolo paliponse pomwe lidakalipo, pa Spotify, pa Facebook ndi tizidutswa ta pa TikTok, chifukwa tsiku lililonse lomwe likumveka chipepeso chikhoza kukula. Kuchotsa pa intaneti si kufufuta: sungani fayilo yoyambirira yosadulidwa ndi mauthenga onse a pa WhatsApp, makamaka pomwe woimbayo adavomera. Ndipo musakayankhe nkhaniyi pa tsamba lanu.

Akakasuma ku Bwalo Lalikulu, mudzalandira masamoni ndipo muyenera kupereka yankho m'nthawi yomwe yalembedwamo, apo ayi khoti likhoza kugamula inu kulibe. Akhozanso kupempha chiletso choti gawolo lisaulutsidwe mlandu usanathe. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri idutse kaye kwa woweruza ngati mkhalapakati isanazengedwe. Nkhani ngati yanuyi ingathere pamenepo kapena isanafikeko, ndi kupepesa poyera, kudula mawuwo, mwinanso kum'patsa prodyusayo mpata woti adzafotokoze mbali yake pa podikasiti yomweyo.

Pa magawo a m'tsogolo, mlendo aliyense asaine tsamba limodzi musanayatse maikolofoni. Linene kuti akulola kujambulidwa ndi kufalitsidwa pa intaneti, kuti muli ndi ufulu wodula, kuti nyimbo zakuti ndi zakuti ndi zake kapena mwini wake ndi uje, ndi kuti adzayankha yekha ngati zomwe wanena za umwini n'zabodza. Akaimba pompopompo ndi gitala m'situdiyo mwanu, nkhani ya master siidzuka, koma chilolezo cha wopeka chikufunikabe ngati nyimboyo si yake. Pitaninso ku COSOMA ku Lilongwe, bungwe lomwe lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuyambira 1992, mukawafotokozere momwe podikasiti yanu imayendera. Chilolezo chomwe angakupatseni chikhale cholembedwa, ndipo chitchule momveka ngati chikukhudza kuika nyimbo m'magawo omwe anthu amatha kuwakopera m'mafoni mwawo.