Funsani Azakhali: Ndiwo za m'thumba, katapila ndi ndimu za mliri

Makalata a kumayambiriro kwa 2021 anabwera ambiri pa WhatsApp, ndipo pafupifupi onse nyimbo yake inali imodzi. A Chakwera, omwe anali Pulezidenti nthawi imeneyo, atalengeza pa 17 Januwale 2021 kuti chifukwa cha mliri wa korona sukulu zitsekedwe, misika iziweruka 5 koloko madzulo, ndiponso kuti pasapezeke woyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndalama inasowa m'makomo pomwe pakamwa panachuluka. Mwana wongokhala pakhomo amadya ngati anthu awiri, ine adzukulu anga andiphunzitsa zimenezo. Ndasankha makalata anayi.

Ndilime pati, poti panja ndi pasimenti?

Azakhali, ndine mphunzitsi pasukulu ina yomwe si yaboma. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 tinakhala miyezi osaona malipiro, ndipo pano zayambanso. Tsiku lililonse ndimatulutsa K500 ya masamba, tomato ndi anyezi, osawerengera mafuta. Anzanga akuti ndilime dimba, koma nyumba ndi ya lendi, panja ndi pasimenti, ndipo bilu ya madzi timagawana mabanja atatu. Ndilime pati?
Mphunzitsi, Area 25, Lilongwe

Aphunzitsi, masamu ndi anu omwe: K500 pa tsiku ndi K15,000 pa mwezi. Imatuluka pang'onopang'ono moti simuiona, koma ikanati izituluka pakamodzi bwenzi mukulira ngati mwaberedwa. Sindikunamizani kuti yonseyo muipulumutsa. Tomato ndi anyezi muzigulabe. Koma ya masamba yokha ingathe kutsala m'thumba mwanu isanakwane miyezi iwiri.

Ine ndinakulira ku Lizulu, kumene mwana amadziwa kuwokera kabichi asanadziwe kulemba dzina lake, koma pano ndikukhala ku Chilomoni pamalo pamiyala pokhapokha. Dimba langa ndi matumba asanu ndi limodzi amene ndawandandalika kuseri kwa khitchini. Pezani thumba lakale la makilogalamu 50, la ufa kapena la feteleza, lotsuka bwino. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Dothi labwino m'tauni limapezeka pomwe panali dzala lakale, lija lakuda bii, bola musankhemo magalasi, mabatire ndi mapulasitiki. Tengani chitini chachikulu, muchiboole kumwamba ndi kunsi, muchiimike pakati pa thumba n'kuthiramo timiyala. Dothi muzithira m'mbali mwa chitinicho, kenako n'kuchikoka m'mwamba, kuthiramonso timiyala, dothi m'mbali, mpaka thumba lidzaze. Mukatero pakati pa thumba pamakhala msana wa miyala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Madzi mumathira pamiyalapo, ndipo amatsika n'kufika mizu ya m'munsi m'malo mongonyowetsa pamwamba. M'mbali mwa thumba boolani timabowo ndi mpeni, motalikana ngati chikhatho chanu chotambasula, muwokeremo mbande. Pamwamba mufesepo zina. Thumbalo likhale pamiyala kapena panjerwa kuti madzi asadikhe pansi pake, eni nyumba angayambe kulankhula za simenti yawo.

Tsono funso lenileni ndi lakuti mudzale chiyani. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu amathamangira kusitolo kukagula timapaketi ta letesi, karoti ndi tomato, chifukwa chithunzi chake n'chokongola. Tomato wa dzinja ndi mwana wodwaladwala. Chiwawu chimamugwira mvula ikamagwa motsatizana, n'chifukwa chake amadula kumsika miyezi ino. Alimi enieni amamupopera mankhwala sabata ndi sabata, ndipo inu ndalama imeneyo mulibe. Musiyeni mpaka mvula ithe. Yambani ndi ndiwo zathu zomwe sizichita manyazi ndi mvula. Bonongwe mukamufesa lero, pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola, ndipo mukamadula nsonga amaphukanso. Mbewu yake simugula: pezani ngala youma pamalo pomwe wamera yekha, muifikise m'manja, njere zake zakuda tsiriri zikwanira thumba lonse. Kholowa ndiye safuna n'komwe njere. Pemphani mitsitsi ya mbatata kwa mnansi, muibaye m'mabowo aja, iyo izidzikwawira yokha. Chitambe ndi khwanya, tengani nyemba kapena khobwe wosaphika wa m'khitchini momwemo, kadzanja kamodzi. Maungu amafuna malo, koma phando limodzi pamwamba pa thumba, mutalilondolera kumpanda, likupatsani nkhwani mpaka Epulo. Mpiru ndi repu mufese mu beseni lobooka chakumapeto kwa Malichi, kuti muwokere kukayamba kuzizira, poti imeneyo ndiyo nyengo yake.

Ndikuuzeni cholakwa changa kuti musachibwereze. Chaka choyamba ndinathira zitosi za nkhuku zaziwisi, zongochokera m'khola, poganiza kuti ndikuzikonda mbewu. Pakutha pa masiku atatu mbande zonse zinali zitapsa ngati zathiridwa madzi otentha. Zitosi ziyambe zawola kaye. Kapena zimangeni m'kathumba, muziviike mu ndowa ya madzi kwa masabata awiri, kenako madziwo muwasungunule ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wa kwa munthu woumira. Amenewo thirani kamodzi pa sabata, padothi osati pamasamba. Amanunkha, ndiye ndowayo muivundikire ndipo isakhale pafupi ndi khomo la aneba.

Za madzi musade nkhawa pakali pano, kumwamba kukutithirira kwaulere. Tcherani ndowa kudenga. Chilimwe chikadzafika, madzi otsukira mpunga, otsukira masamba ndi otsukuluzira zovala komaliza ndi okwanira matumba atatu kapena anayi. Koma madzi aja a m'ndowa zosambira m'manja, othira klorini, komanso aliwonse a Jik, asayandikire mbewu.

Adani anu ndi awiri, nsabwe za m'masamba ndi nkhuku za eni. Nsabwe, sinjani tsabola wowawa kadzanja kamodzi, mumuviike usiku wonse m'malita awiri a madzi, musefe, musungunuliremo kachidutswa ka sopo wochapira, muwaze kunsi kwa masamba madzulo. Nkhuku ndiye zilibe mankhwala kupatula mpanda. Ine ndinatchinga ndi neti yakale yong'ambikang'ambika imene inali itapuma kale ntchito. Ndanena yakale. Musakatsitse imene ana akugonamo, mwezi uno udzudzu uli pachimake.

Ndipo masamba akachuluka, kaya anu kaya akumsika pamene atchipa, futsani. Agogo athu ankadutsa chilimwe chonse ndi mfutso wa m'zikwatu zomanga ndi masamba a masuku. Viikani nkhwani kapena chitambe m'madzi owira a kamchere pang'ono kwa kanthawi kochepa, muyanike pamphasa pamalo podutsa mphepo mpaka ziume gwa, musunge m'chigubu chotseka bwino. Mu Okutobala mukadzathira nsinjiro mudzandikumbuka.

Wakatapila akundidikira

Azakhali, ndimagulitsa mandasi pageti la sukulu. Mu Januwale ndinatenga K40,000 kubanki mkhonde kuti ndiwonjezere mpamba, sabata yomweyo sukulu n'kutsekedwa. Ndalama ina tadya. Tsiku lobweza layandikira. Pali bambo ena akuti andipatsa K50,000 ndidzabweze K75,000 pakutha pa mwezi. Ndikuopa kuchita manyazi pagulu.
Mayi wa ana atatu, Ndirande

Mayi, kwa bambo amenewo musapiteko. Ngati K40,000 yakukanikani sukulu zili zotseka, K75,000 mudzaitenga kuti? Manyazi a pagulu ndi a tsiku limodzi, pomwe wakatapila amabwera ndi anyamata kudzanyamula matiresi ana akuona, ndipo ndinaonapo ndi maso anga mayi wina akulandidwa chiwaya chomwe ankakazingira mandasi omwewo.

Musadikire tsiku lobweza. Pitani kwa amayi apampando ndi msungichuma mawa lomwe, muwauze zonse monga mwandiuzira ine. Magulu ambiri amalola munthu kupereka chiwongoladzanja chokha mwezi umenewo, ngongole yeniyeni n'kuisunthira kutsogolo. Ngati gulu lanu limaika 20 pa 100 iliyonse, ndiye kuti mukufunika K8,000, osati K48,000. Imeneyo mungathe kuisaka. Funsaninso za thumba ladzidzidzi, poti linakhazikitsidwira masiku ngati ano. Ndipo musaganize kuti muli nokha. Mu 2020 boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha korona, woti uyambe pa 18 Epulo, amalonda anakwiya m'misika, khoti lalikulu n'kuuimitsa a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula, nkhani yake inali yomweyi, yakuti munthu wa geni akapanda kugulitsa lero sadya lero. Theka la amayi a m'gulu mwanu ali m'madzi omwewo, kungoti aliyense akudikira mnzake ayambe kulankhula.

Ana asukulu kulibe, koma anthu sanasiye kudya. Amene ali pamzere pa kiyosiki ya madzi m'mamawa, amene akudikira kuchigayo, amakaniko ndi akabaza pasiteji, onsewo ndi makasitomala. Fulawa ndi mafuta zikakulemerani, tembenukirani ku zitumbuwa kapena chigumu, zomwe zimangofuna mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri zija amagulitsa motaya madzulo msika ukamaweruka. Ndipo mukhale ndi zitini ziwiri, china cha mpamba china cha pakhomo. Cha mpamba chisatsegulidwe ngakhale bambo akunyumba atapempha ya fodya mwaulemu wotani.

Kumudzi akuganiza kuti ndikuwamana

Azakhali, ndimagwira ntchito mu lesitilanti. Chiyambireni m'bindikiro wa kuno pa 27 Malichi 2020, masiku ogwira ntchito anatidulira, pena atatu pa sabata. Kale ndinkatumiza ndalama mwezi uliwonse, pano ndimadumphitsa. Amayi sadandaula, koma alongo anga akuti ndasintha.
Mwana wanu, Johannesburg

Mwanawe, alongo akowo amaona zithunzi zako za pa Facebook, sawona lendi yako. Aimbire, uwauze masiku amene ukugwira ndi ndalama imene ukulandira, manambala ake enieni. Ambiri a inu kunjako mumabisa mavuto poopa kusekedwa, kenako mumadabwa abale akamakuyesani olemera.

Ndipo kochepa komwe uli nakoko katumize mwanzeru. Febuluwale ndi mwezi umene chimanga chimadula kwambiri kwathu kuno, ndiye pano tumiza yongowafikitsa amayi pokolola. Yotsalayo sunga mpaka Meyi kapena Juni, pamene chimanga chimatsika mtengo, udzatumize pakamodzi ya matumba angapo pamodzi ndi ya matumba a PICS, aja osalowa mpweya, osungira popanda mankhwala. Kutumiza kamodzi kumachepetsanso ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa. Munthu wokagula akhale amayi eniake kapena amene iwo amukhulupirira, ndipo akutumizire chithunzi cha matumbawo ali m'nyumba. Usachite nazo manyazi zimenezo.

Ndimu, jinja ndi adyo zatha ndalama ya ndiwo

Azakhali, amuna anga chimwalirireni nduna ziwiri zija tsiku limodzi mu Januwale agwidwa ndi mantha. Tsiku lililonse akugula ndimu, jinja ndi adyo, ndipo usiku uliwonse tonse tifukize masamba a bulugama titafunda bulangete. Makala a sabata akutha masiku anayi. Ndikalankhula akuti sindikuwafunira moyo.
Mayi wodandaula, Zomba

Mayi, manthawo ndi omveka. Imfa ya a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama pa 12 Januwale 2021 ndi matenda a korona inatigwedeza tonse, ine ndemwe ndinagona osadya tsiku limenelo. Musawaseke bambowo. Koma muwauze modekha, mwina muwawerengere tsamba lino, kuti ndimu ndi jinja zimafewetsa pakhosi ndipo tiyi wake ndi wokoma, koma sizipha kachilombo ka korona ndipo siziteteza munthu kuti asakatenge. Nthunzi nayo imangotsegula mphuno. Choopsa n'chakuti ana amapsa nayo miphika ya madzi owira pansi pa bulangete, ndipo mbaula yoyaka m'chipinda chotseka mawindo imapha anthu ali m'tulo. Chimene chimateteza n'chotchipa kuposa ndimu: masiki yansalu yochapa tsiku ndi tsiku, sopo, kutsegula mawindo ndi kupewa pochuluka anthu. Wina akayamba kubanika kapena kutentha thupi kosasiya, imbani 54747, Chipatala cha pa Foni, kapena thamangani naye kuchipatala, osati kumphika wa bulugama.

Kuti pakhomo pakhale mtendere, musawalande tiyi wawoyo, ingomutchipitsani. Jinja amene wayamba kutulutsa maso mumukwirire mu ndowa yobooka, ngakhale adzakudikiritsani miyezi yambiri. Pemphani tsinde la udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi, mubzale pomwe mumatayira madzi. Ntchito yothirira muwapatse iwowo, munthu wamantha amafuna chogwira m'manja.

Za makala, nyemba muziviika usiku wonse musanaphike. Zikawira bwinobwino kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, phulani mphikawo uli chivundikirire, muukulunge m'bulangete lomwe lija ankafukizira, muuike mu dengu kwa maola atatu kapena anayi. Zimapsa zokha, mumangodzatenthetsa pothira tomato. Makala otsala pambaula musawasiye anyeke mpaka phulusa, aponyeni m'chitini chachitsulo n'kutseka, azima okha ndipo mawa muyatsanso omwewo.

Amene munafunsa za kuweta zinziri ndi akalulu pakhomo la lendi, makalata anu ndawasunga, tidzakambirana mwezi wamawa.