Mafunso Anu: Guluu wanji womatira cork pa clarinet ndi saxophone?

Akonzi, cork (khungwa lofewa lija lothinitsa zigawo za chida) ya polumikizira pakati pa clarinet yanga yamatuka kachiwiri. Poyamba ndinaimata ndi super glue, koma posakhalitsa inayamba kung'ambika n'kumayoyoka. Ndigwiritse ntchito guluu wanji? – Woimba clarinet

Amene wakupusitsani ndi super glue yemweyo. Ntchito ya cork ya polumikizira ndi kufinyika mukamalowetsa chigawo china ndi kufufumanso mukachizula, ndipo nthawi zonse mumachita mopotokola. Super glue ndi wamadzimadzi, amalowa m'timaenje ta cork n'kuuma gwa. Cork youma chonchi sifinyikanso, imangosweka. Vuto lina limabwera pochotsa: amakakamira pamtengo moti pomupala mumapalira mtengo limodzi.

Guluu woyenera pamenepa ndi contact cement, uja wachikasu wonunkha kwambiri amene okonza nsapato amamatira soli. Amapangidwa ndi rabala ya neoprene, choncho akauma amakhalabe wotamuka, ndipo cork ikadzatha amamatuka osawononga chida. Evo-Stik, Pattex, Barge ndi Weldwood ndi ena mwa mayina ake. Sankhani wonunkha uja, chifukwa wosungunulidwa m'madzi amachedwa kuuma ndipo sagwira mofanana. Ngati wa m'chitini wayamba kulimba n'kumatuluka ndi mibulu, musamukakamize.

Komabe cork zambiri zimamatuka chifukwa cha mafuta, osati guluu. Ma clarinet amtengo ambiri amasemedwa ndi phingo, mtengo umene uli ndi mafuta akeake, ndipo pamwamba pake pamakhala girisi wa zaka zambiri. Palani cork yakale ndi guluu wake yense mpaka ngalande ya polumikizirayo iyere, kenako pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi mafuta a mu laita, aja a naphtha, kawiri kapena katatu mpaka kansaluko kasiye kuda. Acetone musayerekeze ngati clarinet yanu ndi ya pulasitiki ya ABS, amaisungunula.

Cork yake ikhale yachilengedwe, yochindikala mamilimita 1.6. Ija yopangidwa pophatikiza tinyenyeswa siichedwa kuyoyoka pamalo opotokola ngati amenewa. Dulani kalamba kofanana ndendende ndi m'lifupi mwa ngalandeyo, kotalika kuzungulira kamodzi n'kutsalako sentimita imodzi. Nsonga imodzi muisenge ndi lezala watsopano kuti ikhale yopendekeka, ya mamilimita 4 kapena 5. Musanamate, kafewetseni pokagubuduzira botolo patebulo kapena pokagogoda pang'onopang'ono ndi kahamala, apo ayi kathyoka mukamakapinda.

Pakani guluu wopyapyala m'ngalande, kunsi kwa cork ndi pansonga yosengedwa ija. Cork imamwa guluu, ndiye ikaoneka youma mbuu onjezani kachiwiri. Tsopano dikirani mphindi 10 mpaka 15. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Guluu ameneyu amagwira akauma: mukamukhudza ndi chala asatsalire kuchala. Mukamata akadali wonyowa, madzi ake amatsekeredwa m'kati ndipo cork imaterera. Yambani ndi nsonga yosengedwa, mbali yopendekekayo itayang'ana kunja, n'kumazungulira mukusindikiza ndi chala chachikulu mpaka nsonga inayo ikwere pamwamba pake. Mwayi ndi umodzi wokha, pakuti mbali ziwirizo zikakhudzana sizisunthikanso.

Dulani chotsalacho ndi lezala, kulungani tepi pamtengo wa m'mbali kuti usakalike, ndipo palani ndi kalamba ka sandipepala wa nambala 240 mukukoka uku ndi uku. Muzitembenuza chigawocho pafupipafupi kuti cork isakhale yamphwamphwa mbali imodzi. Lekani pamene chigawo chinacho chikulowa pafupifupi theka popanda girisi. Ilekeni igone usiku umodzi musanapake girisi. Ife timakonda kuyamba taipaka phula la kandulo n'kulitikita kuti litseke timaenje, girisi asapeze njira yofikira guluu.

Nanga cork ya pakhosi pa saxophone, pomwe pamalowa mouthpiece (chigawo choika pakamwa), njira yake ndi yomweyo? Ena akundiuza kuti akale ankagwiritsa ntchito shellac. – Wophunzira alto saxophone

Akunena zoona, ankatenthetsa khosilo n'kupaka shellac, utomoni wouma wosungunuka ndi moto. Imagwira, koma ikazizira ndi yosachedwa kusweka, ndipo moto ukachuluka umapsereza utoto wonyezimira wa pakhosipo. Contact cement ndi wosavuta. Chosiyana ndi chakuti khosi la saxophone limanka likula, choncho cork muidule yopingasa pang'ono, ndipo msoko wake ukhale kunsi. Yezani utali pa cork yakale, ikani tepi pamene pathere guluu. Ya mamilimita 1.6 imakwana nthawi zambiri, koma yesani ndi mouthpiece yanu yeniyeniyo popala, chifukwa kukula kwa bowo kumasiyana.

Musafulumire kusintha ngati cork sinang'ambike koma yangophwa. Iyandikizeni ku nthunzi ya madzi owira kwa masekondi ochepa mukuitembenuza, imafufumanso n'kukutumikirani kwa kanthawi.

Tizidutswa ta cork ta kunsi kwa makiyi a zida za ana athu timangogwa, makiyi n'kumalira ngati zitsulo. Kodi guluu wa matabwa kapena epoxy sangathandize? – Mphunzitsi wa bandi

Onse awiri ayi, aphunzitsi. Guluu woyera wa matabwa amafuna malo omwa madzi mbali zonse, ndiye pa kiyi yokutidwa ndi nickel kapena siliva amangouma n'kusendeka. Epoxy amagwira mopitirira muyezo: tizidutswati timatha ndipo timayenera kusinthidwa, ndiye wodzakonza pambuyo panu adzavutika kupala.

Apanso ndi contact cement. Chotsani kiyi pachida, pukutani mafuta, kalani pang'ono malo omatapo ndi sandipepala, pakani mbali zonse ziwiri ndi kamtengo kotokosera m'mano. Matani chidutswa chokulirapo, mudule m'mbali mwake ndi lezala chitagwira kale. Pano ndi pokhapo pamene tingalole super glue wa gel, kadontho kamodzi, chifukwa chidutswacho sichipotokoledwa.

Chofunika kuposa guluu ndi kuchindikala kwake. Tizidutswa timeneti, kawirikawiri ta mamilimita 0.4 kapena 0.8, sitingoletsa phokoso ayi. Tina timalamula kutalika kumene kiyi itseguke, tina timachititsa kuti makiyi awiri atseke limodzi. Mukaika chochindikala pa kiyi yolumikiza zigawo ziwiri za clarinet, pad ina (kotsamira kofewa ka kunsi kwa kiyi kotseka bowo) siitseka bwino ndipo mawu am'munsi amakana kutuluka. Ngati chakalecho chilipo, chisungeni muyezerepo.

Pad yagwa m'kachikho kake. Ndingaimate ndi contact cement yemweyo? – Woimba tenor saxophone

Ayi. Pad imafuna guluu wosungunuka ndi moto, shellac kapena hot glue, kuti mukaiika muthe kutenthetsa kachikhoko pang'ono n'kuisendeza mpaka itakhala mofanana pabowo lonse. Contact cement sapereka mpata umenewo. Nthawi zambiri guluu wakale amakhala akadali m'kachikhomo, ndipo kungotenthetsa kumbuyo kwake n'kubwezeramo pad kumakwana. Pa clarinet chotsani kaye kiyi, moto usayandikire thupi la chidacho. Ndipo chitini cha contact cement chikhale chotseka komanso kutali ndi moto, pakuti mpweya wake umayaka, ndipo mazenera akhale otsegula.

Cork ya m'mutu mwa flute yanga ikusuntha. Ndimate ndi chiyani? – Woimba flute

Musamate ndi chilichonse. Imeneyi imagwira ndi kuthina kokha, ndipo ikakhwepa yafota, ifunika yatsopano. Poitulutsa masulani chotsekera cha kumapeto n'kuikankhira kumbali yolumikizira thupi la flute, chifukwa mutuwo umanka uchepa cha kuchotsekerako ndipo mukaikokera kumeneko mutha kuutambasula. Yatsopano ilowere mbali yomweyo. Chitsulo cha kumapeto kwa cork, choyang'ana kubowo, chikhale mamilimita 17 kuchokera pakati pa bowo louzirapo. Kandodo kopukutira kali ndi mzere woyezera: mukakalowetsa mpaka kugunda, mzerewo uonekere pakati penipeni pa bowolo.

Cork ikamatuka patatsala ola limodzi kuti tiimbe, tichite bwanji? – Woimba oboe

Chotsani yomatukayo, kulungani tepi yoyera ya okonza mipope kapena ulusi wopaka phula m'ngalandemo mpaka chigawocho chithine bwino. Pa oboe onetsetsani kuti makiyi olumikiza zigawo akuyang'anizana, chifukwa polumikizira pakamagwedera makiyiwo satseka. Mukaimba muchotse, mupukute phula lonse musanamate cork yatsopano.