Pulogalamu Yothandiza Osaona Kusankha Zovala: Yankho kwa Wowerenga Wina

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wophunzira wina wa zamakompyuta amene akufuna kupanga pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu osaona kusankha zovala. Funso lake linali lakuti ayambire pati, komanso ngati kamera yotchula mtundu wa chovala ingakhale yokwanira. Ndachedwa kuyankha chifukwa funsoli landikumbutsa manyazi amene ndinachita zaka zingapo zapitazo.

Azakhali anga anasiya kuona pang'onopang'ono chifukwa cha matenda a glaucoma, amene amawononga mtsempha wa diso mwakachetechete mpaka munthu kuzindikira zinthu zitafika kale poipa. Iwo anali okonda kutchena kuyambira kale, ndipo ine, popeza ndinali nditangophunzira kulemba mapulogalamu, ndinaganiza zowapangira kanthu koti akaloza kamera pa chovala, foni izinena kuti ndi chofiira kapena chobiriwira. Ndinagona mochedwa masiku ambiri, kenaka ndinapita nako kwa iwo monyadira. Foni inatchula siketi yawo yabuluu woderako kuti ndi yakuda, ndipo atasendera pazenera inasintha mawu n'kunena kuti ndi yotuwa. Kamera imawerenga kuwala kumene kwagwera pa nsalu, ndipo kuwala kwa babu la m'chipinda kumasiyana kwambiri ndi kwa dzuwa. Chinanso chimene sindinachiganizire n'komwe ndi chakuti munthu wosaona sadziwa ngati kamera yaloza chovala kapena khoma, ngakhalenso ngati magetsi ali oyaka.

Azakhali anaseka, n'kundibwezera foniyo, ndipo anatenga dzanja langa n'kundigwiritsa mkati mwa kolala ya bulauzi imene anavala. Munali kabatani kosokedwa. Batani limodzi linkatanthauza chovala choyenderana ndi siketi zakuda, mabatani awiri chovala chamaluwa, ndipo zovala zoyendera limodzi ankazipachika pa hang'ala imodzi. Njira imeneyi anali atakhala nayo zaka zambiri, koma ine sindinawafunsepo chilichonse ndisanayambe ntchito yanga. Nditawafunsa tsiku limenelo, anandiuza kuti mitundu ya zovala zawo amaikumbukira bwinobwino, ndipo chimene chimawadetsa nkhawa ndi banga la mafuta limene chala sichingalimve, kapena nsalu imene yasuluka iwo osadziwa, n'kupita nayo pagulu anthu n'kumachita manyazi kuwauza.

Choncho ndinene mosapsatira kuti kamera yotchula mitundu si yokwanira, ndipo ilipo kale. Pulogalamu ya Seeing AI, imene Microsoft inatulutsa mu 2017, imachita zimenezi pamodzi ndi kuwerenga zolemba. Be My Eyes, imene Hans Jørgen Wiberg wa ku Denmark, yemwenso ali ndi vuto la kuona, anayambitsa mu 2015, imalumikiza wosaona ndi munthu wodzipereka kudzera pa vidiyo, ndipo mu 2023 anawonjezeramo nzeru zamakina zofotokoza zithunzi. Komabe si aliyense amene angakonde kuonetsa mlendo chipinda chake chogona m'mamawa asanavale, ndipo azakhali anga anakaniratu zimenezo.

Chimene ndimadana nacho koposa ndi mapulogalamu amene amasankhira munthu chovala n'kumuuza kuti lero avale chakuti. Kusaona sikuchotsa kukonda kwa munthu. Amene anasiya kuona atakula amadziwa zimene zimawakhala, ndipo amene anabadwa osaona amasankha potengera kufewa kwa nsalu, kasokedwe kake ndi zimene anthu owakhulupirira anawauza. Pulogalamu yabwino iyenera kupereka zimene diso likanapereka, n'kusiya chisankho m'manja mwa mwini thupi. Musaiwalenso kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo ambiri mwa iwo amaonako pang'ono, kotero kuti mawu okha sawakwanira. Amafunanso zilembo zikuluzikulu zooneka bwino.

Poyambira

Musanalembe kalikonse, khalani pansi ndi anthu osaona angapo muone mmene amasungira zovala zawo. Kenaka yatsani VoiceOver pa iPhone kapena TalkBack pa Android, mapulogalamu amene amawerenga mokweza zimene zikuoneka pafoni, mutseke maso, muyese kugwiritsa ntchito pulogalamu yanu, ndipo muonetsetse kuti batani lililonse lili ndi dzina lomveka. Malangizo a WCAG, othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito intaneti, amafuna kuti kuwala kwa zilembo wamba kusiyane ndi kwa pamene zalembedwa pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1, pamene Google imalimbikitsa kuti malo odina asachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu zooneka pafoni). Pulogalamuyo izichenjeza ngati m'chipinda muli mdima kapena chovala sichikuoneka chonse, ndipo ikakayikira izinena kuti yakayikira m'malo mongotchula mtundu molimba mtima. Ganiziraninso za timabatani ta NFC tosaopa madzi, timene foni imatiwerenga ikatiyandikira, ndipo munthu angasokerere pa chovala n'kujambulirapo mawu akeake ofotokoza chovalacho, pakuti imeneyi ndi njira ya azakhali anga yomwe ija, yongowonjezerapo foni. Nkhani yozindikira mabanga ndi yovuta kuposa ya mitundu, makamaka pa nsalu zamaluwa, koma ndi imene iwo akanaifuna poyamba.