Kodi masamu akukatani mkati mwa selo?

Funso: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali ku UK akupanga masters ya biology ndiye Lachinayi lililonse tikamacheza pa WhatsApp amati mami ndidule kaye ndikuthamangira ku seminar. Nditamufunsa kuti seminar yake ya chani akuti amakambirana masamu a momwe selo limasankhira zochita. Ine ndinaseka, selo lili ndi mutu ngati? Komanso mwanayu ku sekondale masamu ankawathawa, sanasochere ameneyu? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi mtima pansi, sanasochere. Maseminar amenewa ndi wamba m'mayunivesite, sabata iliyonse mmodzi amaima kutsogolo kufotokoza kafukufuku wake ena nkumamupanikiza ndi mafunso, a physics, a masamu ndi a biology chipinda chimodzi.

Selo ndi kachipinda kakang'onong'ono komwe kamapanga thupi la chamoyo chilichonse, mutu lilibe inde koma limasankha. Tengani ka bakiteriya kotchedwa E. coli kamene tonse tili nako m'matumbomu. Mu 1961 ku Institut Pasteur ku Paris, François Jacob ndi Jacques Monod anaonetsa kuti kameneka sikataya mphamvu kupanga ma enzyme ogaya lactose, shuga wa mumkaka, ngati shugayo palibe. Pali puloteni ina imakhala pa DNA, pomwe pamasungidwa malangizo a selo, ngati mlonda pa geti, lactose akafika mlonda amachoka geti nkutseguka, ma enzyme aja nkuyamba kupangidwa. Anapata nazo mphoto ya Nobel mu 1965 limodzi ndi André Lwoff.

Nanga masamu akubwera pati? Alonda amenewa mu selo limodzi amangokhala mwina 10 basi. M'thumba la chimanga mutachotsamo njere ziwiri palibe angadziwe koma mukakhala ndi njere 10 m'manja ziwiri nkugwa ndiye nkhani, ndiye zinthu zikachepa chonchi zochitika mwangozi zimayamba kulamulira moti maselo awiri a DNA yofanana, m'mbale imodzi, chakudya chimodzi, limodzi limatsegula geti linzake ayi. Pamenepa kungoyang'ana pa maikulosikopu sikukwanira, pamafunika kuwerengera.

Ine yomwe imandisangalatsa ndi ya mu 2000 ku yunivesite ya Princeton ku America. Michael Elowitz ndi Stanislas Leibler anayamba alemba kaye ma equation papepala, ma gene atatu (tizigawo ta DNA), loyamba likutseka lachiwiri, lachiwiri lachitatu, lachitatu nkubwerera kukatseka loyamba. Masamu anati izi ziziyaka nkuzima ngati indiketa ya minibasi. Ataziyika mu E. coli timaseloto tinayambadi kuwala mobiriwira nkuzima, pafupifupi maola awiri ndi theka ulendo uliwonse, kungoti kalikonse kamayendera nthawi yake, kena kuchedwa kena kufulumira, vuto la njere 10 lija.

Ndipo musaone ngati ndi zoseweretsa za azungu. Mu 2004 Nathalie Balaban ndi anzake anaonetsa kuti pagulu la mabakiteriya pamakhala towerengeka timene timangogona tokha osakula, mankhwala akabwera amapha ogalamuka, togonato nkudzadzuka mankhwala atatha. Ofufuza za TB amaligwiritsa ntchito kwambiri ganizo limeneli poyesa kumvetsa chifukwa chake matendawa amafuna mankhwala a miyezi 6 yathunthu.

Zothawa masamuzo ambiri a biology amalowa mu seminar yoyamba mutu uli gwa, equation ikangotuluka pa bolodi maso pansi, kenaka amazolowera poti x uja tsopano ndi puloteni yomwe amaidziwa. Lachinayi likubwerali mufunseni kuti mlonda wa lactose uja dzina lake ndani, akayankha kuti LacI dziwani kuti fizi sikupita pachabe.